Seveni amene Temwa sanalembe

Lolemba m'mawa alamu anga anandiimbira foni kuchokera ku Kazuni. Iwowa si munthu woimba foni wamba, makamaka nyengo ino imene amangokhalira m'chigafa kusoka fodya. Nditaona dzina lawo ndinadziwa kuti pali nkhani. Ndinati mwina kwagwa maliro, mwina njovu za ku Vwaza zalowanso m'munda wa chimanga.

"Alamu," anatero osapereka ndi moni womwe, "mwana wanu amupatsa seveni pa masamu amene sanalembe."

Ndinawauza kuti abwereze, poganiza kuti netiweki yameza mawu ena. Anabwereza chimodzimodzi, liwu ndi liwu.

Kwa inu amene mwayamba kuwerenga danga lino posachedwa, ine kwathu ndi ku Dowa. Ntchito ya ulangizi wa zaulimi ndi imene inandibweretsa kuno ku Rumphi ndili mnyamata. Ndinakwatira konkuno, ndipo nditapuma ntchito ndinamanga pa Bolero. Chitumbuka ndimamva chonse, koma ndikayesa kuchiyankhula a kuchikazi amaseka mpaka kugwira nthiti, ndiye anangogwirizana zomandiyankhula Chichewa kuti andipulumutse ku manyazi.

Mwana amene alamu ankanenayo ndi Temwa, wachiwiri kubadwa m'nyumba mwawo. Ali Fomu 4 pa sukulu yoyendera ya kufupi ndi kwawo. Akazi anga ndi ankhazi ake, kwathu timati azakhali, choncho kwa ine Temwa ndi mwana wanga ndithu.

Nkhani yake inayenda motere.

Chaka chilichonse sukulu za sekondale za dera lino zimalemba mayeso amodzi oyeserera, aja amati a moko, ana asanakumane ndi mayeso enieni otsiriza. Kale moko anali ongodziyesera mphamvu. Chaka chino analemera, chifukwa bungwe lina lachifundo linalonjeza kuti ana amene achite bwino pa masamu ndi sayansi liwatenga pa holide ikubwerayi, akakhale pa sukulu yogonera komweko ya ku boma. Kumeneko kuli labotale, magetsi, mabuku ndi aphunzitsi okwanira. Mwana wa kumudzi amene zipangizo za sayansi amangozionera pa zithunzi za m'buku, mwayi woterowo saupeza kawiri.

Tsiku la masamu mvula inagwa yosaona nkhope. Mtsinje wa panjira yopita ku sukulu ya a Temwa unasefukira. Wa kabaza amene ananyamula mapepala a mayeso anayesa kuoloka, njinga inamugwetsa, iye anapulumuka koma mapepala anasanduka phala. Ana anakhala m'kalasi ndi zolembera ndi marula awo mpaka dzuwa kufika paliwombo, kenaka anauzidwa kuti azipita kwawo.

Sukulu zinazo zinalemba. Mafunso anatuluka poyera, ndiye pepala lomwelo silikanaperekedwanso. Bungwe lija linali kudikira mayina. Komiti yoyendetsa mayeso itapanikizika, inapempha katswiri wa ziwerengero wa ku bungwelo kuti awerengere pa kompyuta malikisi amene mwana aliyense akanapeza akanati alembe.

Kompyuta inawerengera. Temwa inamupatsa seveni.

Amene munasiya sukulu kalekale ndikukumbutseni: wani ndiye pamwamba, naini ndiye kulephera. Seveni ndi kungopulumuka basi, kukhoza kopanda nako kopita. Ndipo m'kalasi yonseyo seveni ndiye anali wamkulu. Ena onse anagawana ma eyiti ndi ma naini.

Tsono ine Temwa ndimamudziwa. Mwana ameneyu masamu amamwa ngati madzi. Mukamupeza m'chigafa, manja akusoka fodya, buku lili chitsegukire pamwendo, masamba ake ada bii ndi utomoni. Aphunzitsi akachokapo, anzake amamukankhira kutsogolo kuti agwire choko. Si ine ndekha wonena, aphunzitsi ake nawonso ananditsina khutu chaka chatha kuti mwanayu tisamulole kukwatiwa msanga.

"Lachitatu komiti ikumana kwanuko ku Bolero," anatero alamu. "Ine fodya wandimanga miyendo, komanso anthu a maofesi sindiwatha. Inu mumadziwa kayankhulidwe kawo. Mukamuyankhulire mwana wanu."

Ndinavomera mwachangu. Munthu wopuma ntchito ukamupatsa msonkhano wamupatsa Khirisimasi. Lachiwiri lonse ndinkazungulira pakhonde ndikukonza mawu, mpaka akazi anga anandifunsa ngati ndayamba ndale. Lachitatu ndinavala jekete yanga ya ku maukwati.

Temwa anafika pa pikapu, fumbi ndi matope zili mbuu m'miyendo. Anapempha madzi kwa ankhazi ake, anasamba mapazi, anapukuta nsapato. Panjira ndinamuuza kuti asade nkhawa, ankolo ake alipo. Anangothokoza m'Chitumbuka kuti, "Yewo, ankolo."

Msonkhano unali m'kalasi ya sukulu ina pompano. Kutsogolo kunakhala aphunzitsi aakulu a sukulu zosiyanasiyana, pakati pawo wapampando, mayi wa magalasi amene mawu ake sachuluka. Kumbuyo kunali makolo angapo ochokera ku Kazuni. Pambali panakhala katswiri uja, a Chirwa, mnyamata waulemu, laputopu ili patsogolo.

Ndiyenera kunena chilungamo: ndinapita ndikuyembekeza munthu wodzikuza, koma sindinamupeze. A Chirwa anafotokoza modekha, m'Chichewa chomveka bwino. Anati kompyuta inayang'ana mmene mwana wakhozera maphunziro ena, inayang'ana malikisi a masamu amene aphunzitsi ake akhala akumupatsa, kenaka inayang'ana mmene sukulu yakeyo yakhala ikukhozera masamu zaka zam'mbuyo.

"Chifukwa chake n'chakuti aphunzitsi sakhala ofanana," anatero. "Ena dzanja lawo n'lofewa popereka malikisi, ena n'louma. Ndiye mbiri ya sukulu imatithandiza kuwongola. Sitinakondere aliyense. Kompyuta sidziwa dzina la mwana, sidziwa bambo ake, ndipo silandira nkhuku."

Anthu anaseka. Ngakhale ine ndinaseka.

Wapampando atapereka mwayi kwa makolo, ndinakonza kukhosi, ndinamanga batani la jekete, ndinayamba kunyamuka. Pamenepo ndinamva wina akukoka jekete ija kumbuyo.

"Ankolo," Temwa ananong'ona, "ndiyankhule ndekha."

Ndinamuyang'ana. M'chipinda chodzaza akuluakulu chonchi? Mwana wamkazi wa yunifolomu yofwifwa? Kumene ndinakulira ine, mwana pa bwalo la akulu ntchito yake ndi kubweretsa mipando. Koma maso ake sanali opempha chilolezo changa chokha, anali atatsimikiza kale. Ndinakhala pansi, mawu anga onse a Lachiwiri ali m'thumba.

Wapampando anamuyang'ana pamwamba pa magalasi. "Ndiwe yani?"

"Ndine Temwa, Madamu. Amene ndapatsidwa seveni."

"Yankhula."

Anaimirira njo, manja kumbuyo. Anayamba kuyankhula, Chichewa chake chokwera ndi kutsika ngati cha kuno.

"Yewo chomene, Madamu. Ndili ndi mafunso awiri kwa Sala. Mwati kompyuta inaona mmene sukulu yathu inkakhozera kale. Kodi inadziwa kuti zaka zimenezo kunalibe mphunzitsi wa masamu? Ankatithandiza ndi aphunzitsi a Chichewa, pongotimvera chisoni. Mphunzitsi weniweni wabwera ife tili Fomu 2."

A Chirwa anapukusa mutu. "Zimenezo mulibe mu kompyuta."

"Achimwene anga anali m'gulu limenelo," Temwa anapitiriza. "Anapeza naini. Pano akulima fodya ndi adada. Ine sindiwaseka, chifukwa naini ameneyo si wawo okha, ndi wa amene sanawatumizire mphunzitsi. Koma nanga wayenda bwanji kuchoka pa dzina lawo kudzafika pa dzina langa?"

Kumbuyo mayi wina anati, "Hmm," kuchokera pansi pamtima.

"Funso lachiwiri, Sala. Mu kompyuta yanuyo, mwana wa pa sukulu yathu akanachita chiyani kuti apeze wani?"

A Chirwa anawerama pa laputopu. Anadina, anayang'ana, anadinanso. Tonse tinali maso pa iwo. Munthu wina akanazemba apa. Akanatulutsa Chingerezi chachikulu n'kutiphimba nacho kumaso. Iwo anaweramuka n'kunena poyera:

"Kunena zoona, sakanamupeza. Ngakhale aphunzitsi akanamupatsa malikisi onse, mbiri ya sukulu ikanamukokera pansi. Njira yofikira pa wani panalibe."

Abale, mwamva zimenezo? Mpikisano umene mwana sangapambane ngakhale atathamanga bwanji, chifukwa ena anagwa pa njira yomweyo iye ali ku pulayimale.

Temwa anatembenukira kwa wapampando. "Ndiye ine sindikupempha wani, Madamu. Mwina ndikalemba ndipeza seveni yemweyo. Ndikupempha pepala."

Anakhala pansi. Ndinatulutsa kansalu ngati ndikupukuta thukuta, chonsecho kunja kunali mitambo.

Musaganize kuti onse anaomba m'manja. Mphunzitsi wamkulu wina anati nthawi yatha, bungwe silidikira, komanso pepala latsopano likhoza kuphweka kapena kulimba kuposa lija analemba anzawo. Mfundo yomveka. Kenaka kumbuyo kunaimirira mayi wa chitenje chobiriwira, amake a Lusungu, mnzake wa Temwa wa pamtima.

"Wanga kompyuta yamupatsa eyiti," anatero. "Eyiti ndi kukhoza. Masamu amamuvuta, tonse tikudziwa. Akalemba n'kupeza naini, mudzati chiyani? Chifukwa cha mwana mmodzi wanzeru ana athu onse alowe m'madzi?"

Pamenepo ndinazindikira kuti nkhaniyi ili ndi minga mbali zonse. Kompyuta ija sinangolanda, ena inawaninkha. Inadula aatali, n'kuwonjezera aafupi, kuti onse afanane ndi sukulu ya zaka zapitazo.

Wapampando anasiya anthu akangane mpaka atatopa. Kenaka anavula magalasi.

"Pepala latsopano likonzedwa ndi aphunzitsi a sukulu zina, lolemera ngati loyamba lija. Kalasi yonse ilemba Lachisanu. Malikisi a kompyuta tawataya, a wina aliyense. Chimene mwana apeze n'chomwecho." Anatembenukira kwa Temwa. "Wamva? Ukapeza naini ndi wako. Sudzabweranso kuno."

"Ndamva, Madamu."

A Chirwa anakweza dzanja. Anati aimbira mabwana awo kuti adikire mayina, ndipo mapepalawo akawatula okha pa galimoto ya bungwe, mtsinje udzaze usadzaze. Ndinapita kukawagwira chanza potuluka. Kuvomera pagulu kuti chida chako chalakwira mwana, ndi amuna ochepa amene amatha.

Tsono tiyeni tikambirane, inu ndi ine.

Ine si mdani wa ziwerengero. Ndadya nazo moyo wanga wonse. Chaka chilichonse ku ntchito kwathu tinkayerekeza zokolola. Sitinkayenda munda uliwonse. Tinkasankha minda ingapo, kuyeza, kuwerengera, kenaka n'kunena kuti dera lakuti chaka chino kuli chakudya, dera lakuti kukhala njala. Kawirikawiri tinkalondola, ndipo anthu ankathandizika nazo.

Koma sindinayambe ndafika pakhomo pa mlimi n'kumuuza kuti, "Bambo, malinga ndi chiwerengero cha dera lino, nkhokwe yanu ndi yosadzaza." Akanandigwira dzanja n'kupita nane kuseri kuti ndikasuzumire ndekha. Chiwerengero chimadziwa dera. Nkhokwe ya munthu imadziwika poisuzumira.

Njira ya a Chirwa ikhoza kulondola ikamanena za sukulu yonse. Vuto limabwera pamene yankho la gulu lamatidwa pamphumi pa mwana mmodzi, wokhala ndi dzina, makolo ndi maloto ake. Akamati njirayi imalondola nthawi zambiri, ine ndimafunsa: nanga nthawi zochepa zimene imaphonyazo, imaphonya yani? Si mwana wa pa sukulu yotchuka, ayi. Iye mbiri imamunyamula, ngakhale atakhala waulesi. Imaphonya mwana wakhama wa pa sukulu yosauka, amene akuyesa kukhala woyamba. Ndipo woyamba aliyense, mbiri imamukana, chifukwa sinamuonepo.

Paja amati nsomba ikaola imodzi zaola zonse. Mwambi umenewu ndi wabwino pa dengu la usipa. Ana a anthu si usipa.

Nthawi ya mliri ija tinamva pa wailesi kuti maiko ena akunja, mayeso atalephereka, anachitanso zoterezi, ndipo amene analira kwambiri anali ana a m'sukulu za anthu osauka. Tinkamvera ngati nthano ya kutali, ya anthu a magetsi osazima. Lero yatipeza pa Kazuni. Ndipo mmene makompyuta akulowera m'maofesi mwathu, musaganize kuti yathera pa moko. Mawa idzakhala posankha opita ku sukulu za ukachenjede, mkuja posankha oyenera thandizo, tsiku lina polemba anthu ntchito.

Kuno kumpoto simufunika kufotokozera munthu ululu wa mwana woyezedwa ndi kumene akuchokera m'malo mwa zimene walemba. Ndakhala kuno zaka zokwanira kudziwa kuti nkhani imeneyo ikayambika pa bawo, masewera amaima.

Koma tisanamizire kompyuta yokha. Khalidwe limeneli inaphunzira kwa ife.

Ndani wa ife sanafunsepo mwana kuti, "Umaphunzira kuti?" ndipo atatchula sukulu yoyendera ya kumudzi, nkhope yathu n'kugwa pang'ono? Ndi makolo angati amene mwana akasankhidwira ku sukulu yotero amati, "Basi, angopita akakule"? Ndi aphunzitsi angati amene akatumizidwa kumeneko amafika ndi chikwama chimodzi, chinacho atasiya ku tauni, poti sakhalitsa? Timawapatsa seveni ana amenewa tsiku ndi tsiku, popanda laputopu. Kusiyana kwake n'kwakuti ife tikatero timachita manyazi pang'ono. Kompyuta ilibe manyazi, ndipo yankho lake limabwera litavala taye, anthu n'kumaopa kulifunsa.

Ndiponso taganizani mmene chingwechi chimadzimangira. Sukulu ilibe mphunzitsi, ana alephera. Ana alephera, mbiri yaipa. Mbiri yaipa, kompyuta ikuti mwana wa kumeneko sangakhoze, ndiye asapite ku labotale. Sanapite ku labotale, walephera. Chaka chamawa kompyuta ikuti, "Mwaona? Ndinanena ine."

Ziwerengero zomwezo zikanagwira ntchito yabwino chotani zikanatembenuzidwa! Ngati kompyuta ikuona kuti sukulu yakuti masamu akhala akuvuta chaka ndi chaka, bwanji osanyamuka kukaona chimene chikusowa kumeneko? Mbiri yoipa ya sukulu ndi mlandu wa akuluakulu. Tisaupereke kwa ana kuti ausenze.

Lachisanu analemba. Kunja kunacha bwino, galimoto inaoloka popanda vuto. Aphunzitsi anachonga Loweruka, ndipo Lamulungu titaweruka ku tchalitchi ine ndi akazi anga tinakwera pikapu ya ku Kazuni, chifukwa kudikira foni kunatikanika.

Tinakumana ndi alamu panjira, tisanafike n'komwe pakhomo. Munthu amene ndamudziwa zaka zonsezi osamuonapo akuthamanga, anabwera chothamanga, chipewa chili m'manja.

"Thu, alamu! Thu!"

Temwa anapeza thu. Dzina lake lapita ku bungwe lija. Anzake ena angapo anapeza malikisi abwino amene kompyuta inati pa sukulupo sangapezeke, ndipo mmodzi wa iwo apita naye limodzi ku boma. Akazi anga anaimba nthungululu pamsewu pomwepo mpaka agalu a m'mudzi anayamba kuuwa.

Mwini wakeyo tinamupeza m'chigafa, nkhope ili yosakondwa kwenikweni. Ndinamufunsa chavuta n'chiyani.

"Funso lomaliza, ankolo. Ndinaiona njira yake nthawi itatha. Akanakhala wani."

Ndinaseka mpaka misozi. Achimwene ake aja a naini anali pomwepo, akupachika fodya. Anatsika, anapukuta manja pa buluku, n'kumugwira mlongo wawo pamutu ngati kamwana. Kenaka anakweranso.

Ndanyadira zinthu zingapo pa moyo wanga. Ndinanyadira tsiku limene ndinalandira kalata ya ntchito, ndinanyadira ana anga atabadwa. Koma kunyada kwa sabata ino n'kwa mtundu wina. Si thu yekhayo ayi. Ngakhale akanapeza seveni, ndikanayendabe chifuwa chili patsogolo pa Bolero ponse. Ndikunyadira kuti mwana wa m'chigafa anaima pamaso pa akuluakulu ndi makina awo, mwaulemu, osatukwana, osalira, n'kufunsa funso limene tonse a majekete sitinaliganize. Ndikunyadira wapampando amene anamvera mwana. Ndikunyadira boma lino la Rumphi, kumene mayi wogulitsa tomato amatha kukufunsa kuti mwana wako wapeza mapoyinti angati asanakufunse dzina.

Koma nkhani siinathere pokoma pokha. Lusungu anapeza naini.

Amake sakuyankhulana ndi a kwa alamu. Akuti pa mjigo m'mawa umenewo anangodutsa osapereka moni. Ndipo ine sindiwaweruza. Mayi aliyense amafuna mwana wake atetezeke, ngakhale ndi eyiti wobwereka.

Tili pakhonde masana, ndinaona mtsikana akubwera chakuseri, mozemba, kope lili m'manja. Anali Lusungu. Anatipatsa moni mogwada, maso ali ofiira, n'kulunjika ku chigafa kumene kunali Temwa. Ndinamuitana.

"Mwana wanga, sunamukwiyire mnzakoyu?"

Anayang'ana pansi, akukanda nthaka ndi chala cha kuphazi.

"Dzulo ndinakwiya chomene, ankolo. Ndinalira. Amama mpaka pano akadali okwiya." Anapumira. "Koma eyiti uja ndikanapita naye kuti? Mayeso enieni akubwera, ndipo kumeneko kompyuta sikandilembera. Bola ndadziwiratu pamene pakundipweteka. Ndabwera kuti Temwa andionetse masamuwo tisanafike kumeneko."

Analowa m'chigafa. Posakhalitsa tinamva awiriwo akukangana za mayankho, kenaka kuseka.

Pobwerera ku Bolero, pikapu ikutigwedeza m'mabampu, chimwemwe changa chinayamba kusakanikirana ndi maganizo ena. Zinatheka chifukwa panapezeka mwana wolimba mtima, wapampando wa makutu, ndi katswiri woona mtima, onse m'chipinda chimodzi tsiku limodzi. Zoterezi sizichitika kawirikawiri. Dziko lino lili ndi sukulu zambiri za kuseri kwa mitsinje, kumene ana amalandira chilichonse chochokera ku ofesi ndi manja awiri, n'kunena zikomo.

Inu amene mukukonza makina otiyezera ana, ndi inu amene mudzasainira zotuluka m'makinamo, tandiyankheni: pa sukulu imene palibe Temwa, adzaimirire ndani kuwapemphera pepala?